Dzina Langa M'kamwa mwa Mwamuna Wamwini

Aphungu,

Kalata iyi ndailemba katatu. Yoyamba inatalika kwambiri. Yachiwiri nditaiwerenganso ndinaona kuti ndabisa zambiri moti simukanadziwa chimene chikundivuta. Ino ndiyesetsa kunena zonse, ndiponso mwadongosolo.

Ndine mayi wa zaka 41, wapabanja, wa ana awiri. Ndimagwira ntchito mu labotale ya pachipatala china, ndipo ndakhala pa maikulosikopu zaka 16. Ntchito yanga yambiri ndi kuwerenga tizilombo ta malungo. Magazi a wodwala timawapaka pa kagalasi, timawathira mankhwala a mtundu, akauma ndimaika kagalasiko pa makina. Patebulo pamakhala makauntala awiri, tizipangizo tija timalira kuti "ke" ukadinikiza ndi chala. Wakumanja ndi wa tizilombo, wakumanzere ndi wa maselo oyera a magazi. Maselo oyera akakwana 200 ndimaima n'kulemba zimene ndapeza. Nambala imeneyo ndi imene dokotala amaonera ngati mankhwala akugwira ntchito mwa wodwala kapena ayi.

Ntchitoyi sifuna nzeru zapadera. Imangofuna mutu wosayendayenda, ndipo wanga sunkayendayenda. Pakhomo pa labotale yathu pamadutsa mabedi a matayala, ana amalira pa benchi podikira kubayidwa chala, firiji yathu imabuula ngati munthu wodwala dzino, makina opukusa magazi amanjenjemeretsa tebulo lonse. Ndikangoika maso pa makina, zonsezi sindizimva. Anzanga ankanena kuti munthu akhoza kundichotsera mpando ine n'kupitiriza kuwerenga ndili chonjuta.

Miyezi inayi yapitayo anatibweretsera mnzathu watsopano. Ndi bambo wa msinkhu wanga, ntchito amaidziwa ndithu, koma ndi wosasamala. Amasiya magalasi osalemba manambala, botolo akatsegula satseka, cholembera changa chimapezeka m'thumba mwawo. Aliyense akawaitana amayankha kuti "ndikubwera" ali chikhalire, ndiye dzinalo linawakanirira, tonse timangoti a Ndikubwera. Ndafotokoza zimenezi dala, kuti mudziwiretu kuti si munthu woti ine ndingamusirire.

Tsiku limene anafika anawerenga dzina langa pa baji n'kuseka. "Ndiye ndinu adzina a madamu kunyumba," anatero. "Basi ndiziopa kawiri, kuno ndi uko." Tonse tinaseka, ine ndinaiwalako. Dzinalo sindilitchula pano chifukwa anzanga amawerenga tsamba lanu, koma si dzina lofala. Moyo wanga wonse ndinali ndisanagawanepo ndi munthu.

Lamulo lathu ndi loti foni sitiyankhira pa tebulo la magazi. A Ndikubwera amalitsata m'njira yawo. Amavula magolovesi, amasamba m'manja, n'kukaima kuseri kwa firiji, pafupi ndi sinki. Kuchokera pamenepo kufika pa mpando wanga ndi mapazi anayi okha. Ndipo akazi awo amaimba kangapo pa tsiku.

Ulendo woyamba ndinali pa selo la 143. Kuseri kwa firiji kunamveka dzina langa, lotchulidwa mwaukali, kenako mawu akuti, "Ndakuuza kangati kuti makiyi usamawasiye pa chitseko?" Aphungu, chala changa chinadinikiza kauntala yolakwika. Ndipo pakamwa panga panatuluka kuti "Bambo?", monga ndinkayankhira kwathu ndili mwana bambo anga akandiitana nditalakwa. Mwamwayi makina opukusa anali akulira, palibe anamva. Ndinafufuta makauntala n'kuyambiranso.

Ndinadziuza kuti ndizolowera. Sindinazolowere. Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa, ndinayamba kulemba kumapeto kwa kope langa. M'masabata anayi dzinalo linatchulidwa ka 61. Mwa maulendo amenewa, 19 anali aukali, ndipo pa 17 ndinasokoneza mawerengero. Maulendo 28 anali a nkhani wamba, za sopo, za mwana amene waiwala juzi kusukulu. Apa ndinasokoneza kasanu ndi kamodzi kokha, koma dzinalo ndinalimva ulendo uliwonse. Maulendo 14 otsalawo ndinena pansipa, ndiwo andilembetsa kalata ino.

Chimene chikundidabwitsa ndi ichi. Bambo yemweyo, pamalo pomwepo, amalankhulanso ndi achimwene ake komanso makaniko wa galimoto yake, nthawi zina mphindi khumi zathunthu. Mutandifunsa kuti amakamba chiyani, sindinganene ngakhale liwu limodzi. Mawu ake amangosakanikirana ndi kubuula kwa firiji. Koma likangotuluka dzina lija, zimakhala ngati wina wandigwira paphewa. Ndinayesa kuika thonje m'makutu. Mawu ena onse anazimiririka, dzina lokha n'kumadutsa. Tsiku lina analankhula ndi akazi awo m'chilankhulo cha kwawo, chimene ine sindichimva n'komwe. Ndinadziwabe pamene anayamba kukwiya, ndinadziwa pamene anayamba kuchonderera, ndipo dzinalo linkatumphuka pakati pa mawu achilendowo ngati mwala mu mpunga. Ndinaphunzira za thupi la munthu ku koleji zaka zitatu, koma izi sanatiphunzitse. Ndikudziwa bwinobwino kuti woitanidwayo si ine. Nanga n'chifukwa chiyani thupi langa silikudziwa?

Tsopano za maulendo 14 aja. A Ndikubwera akakalipa m'mawa, masana amapepesa. Akamapepesa amatsitsa mawu, amalikoka dzinalo pang'onopang'ono n'kulitula kumapeto mosamala, ngati munthu amene akuika dzira pa tebulo. Pamenepo sindisokoneza mawerengero ayi. Ndimangosiyiratu kuwerenga. Chala chimaima m'mwamba, makutu amatentha, maso ali pa makina koma sakuona kanthu. Zikatha ndimachita manyazi ngati ndasuzumira pawindo la eni. Ndikatembenuka n'kumuona bamboyo akubwerera pa mpando wake, akupukuta manja pa gawuni m'malo mwa thaulo, kutentha konse kumatha, amangondinyansa ngati kale. Koma foni ikaliranso masana, ndimadzipeza ndatchera khutu.

Nditaganiza kwambiri ndinazindikira chinthu china. Palibe amene amanditchula dzina. Kuntchito ndine Madamu. Kwa ana ndine Amama. Kwa ana a mchimwene wanga ndine azakhali. Bambo a kunyumba, amene ndakhala nawo zaka 17, munthu wabwino, wosamwa, wofika pakhomo nthawi yake, anayamba kunditchula kuti "Amayi" tsiku limene ndinabereka mwana woyamba, ndipo sanabwererenso. Ndinayesa kukumbukira amene ananditchula dzina komaliza akulankhula ndi ine. Ndinapeza kuti anali mlembi wina pa msonkhano wa ntchito, akuitana mayina pa pepala.

Ndiye Loweruka lina masana ndinachita kafukufuku wanga. Ana anali atapita kwa anzawo, bambo a kunyumba ali pakhonde akupolisha nsapato. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, tanditchulani dzina."

Iwo osadzutsa mutu anati, "Bwanji, mwaliiwala?"

"Ingotchulani."

Anaika bulashi pansi n'kufunsa kuti, "Ndalakwa chiyani?"

Nditaumirira, analitchula. Analitchula lonse, ndi la bambo anga lomwe, ngati akuwerenga pa chiphaso. Kenako anati, "Ndiye muyankhe kuti ndilipo, tilembe." Anaseka, inenso ndinaseka. Koma m'chifuwa mwanga simunachitike kalikonse, Aphungu. Palibe kutentha, palibe chala kuima. Ndinalowa m'nyumba n'kukakhala pa bedi. Pa zonse zimene ndalemba, ichi ndicho chinandiopsa kwambiri.

Ndipo tsopano zafika pa ntchito. Miyezi itatu iliyonse amatitumizira magalasi khumi ochokera kunja kwa chipatala, otiyesera ngati tikuwerenga molondola. Zaka zonsezi sindinaphonyepo. Mwezi watha galasi limodzi linabwerera nambala yanga itatalikirana kwambiri ndi yoona. Mkulu wa labu yathu, mayi wachifundo, anandiitanira mu ofesi. "Madamu, inu?" anatero. "Kapena maso ayamba? Kayezetseni, pa msinkhu wathu uno mandala si manyazi." Ndinakayezetsa, maso alibe vuto. Lija linali galasi loyesera chabe. Likanakhala la mwana amene ali ku wodi bwanji? Kuyambira pamenepo galasi lililonse ndimaliwerenga katatu, zotsatira zikuchedwa, moti dzana namwino wina anagogoda pawindo n'kufunsa kuti, "Madamu, zotsatira za bedi 6 zikubwera wapansi?"

Kuchipinda chosungira katundu wa labu, mbali ina ya chipatala, kukufunika munthu. Kulibe maikulosikopu, kulibe firiji yobisalako ndi foni. Fomu yopempha kusamukirako ndinadzaza, ili m'dirowa, ndipo ikufunika mwezi uno usanathe. Ntchito yanga ndimaikonda, ndikaganiza zokhala ndikusanja makatoni a magolovesi mpaka kupuma pa ntchito, misozi imalengeza. Koma kulankhula ndi a Ndikubwera sindingathe. Ndingayambire pati kuuza mwamuna wamwini kuti akamaitana akazi ake, amene akumva kutentha ndi ine?

Ndithandizeni. Kodi m'mutu mwanga mukuchitika chiyani, kuti nditamva ka 61 sindikuphunzirabe? Kodi kutentha kuja ndiye kuti ndayamba kumufuna bamboyu osadziwa? Ndipo fomuyi ndipereke?

Ine wanu,
T.M., wa pa maikulosikopu


Mayi T.M.,

Fomuyo ikhale kaye m'dirowamo, ngakhale tsiku loiperekera lidutse. Simukudwala, ndipo mmene ndawerengera kalata yanu, simunagwe m'chikondi.

Tiyambe ndi mutu wanu. Maso ali ndi zikope, makutu alibe. Chilichonse cholira mu labu yanu chimalowa, ndipo ubongo ndi umene umasankha zoti ukuuzeni ndi zoti utaye musanazidziwe. Firiji, mabedi, makaniko wa a Ndikubwera, zonsezo umataya chifukwa sizinakufuneniko kanthu. Dzina lanu ndi nkhani ina. Ndi liwu limene mwalimva kuyambira muli kumsana, ndipo nthawi zonse pambuyo pake pankabwera chinachake: chakudya, kutumidwa, kukalipiridwa, kunyamulidwa. Ofufuza za ubongo anaona kuti munthu amatha kumva dzina lake pakati pa phokoso la anthu ambiri ngakhale maganizo ali kwina, ndipo ngakhale ubongo wa munthu wogona umachita mosiyana ukamva dzina la mwini wake kusiyana ndi dzina lina. Anaonanso kuti ubongo umayeza kamvekedwe ka mawu mwachangu kwambiri, makamaka aukali, ngakhale pamene munthu sakumvetsera. N'chifukwa chake munadziwa kuti bamboyo wakwiya m'chilankhulo chimene simuchimva. Kuseri kwa firiji yanu zinthu ziwirizi zimabwera pamodzi, dzina ndi ukali. Nzeru yakuti "woitanidwayo si ine" imafika ndithu, koma imafika mochedwa pang'ono, chala chitadinikiza kale. Mukudabwa kuti maulendo 61 sanakuphunzitseni. Akulimbana ndi zaka 41, mayi. Zakazo zipatseni ulemu.

Tsopano funso limene likukuchititsani manyazi. Dzifunseni izi. Foni ikakhala chete, mumamuyang'ana bamboyu? Tsiku limene sanabwere ku ntchito, mumamusowa, kapena mumasangalala kuti cholembera chanu chigona pamalo pake? Mwayankha kale nokha. Mukatembenuka n'kumuona, zonse zimatha. Chimene chimakutenthetsani makutu si iye, ndi dzina lanu lotchulidwa mwachikondi, ndipo likanatuluka pa wailesi mukanaimabe chimodzimodzi. Koma sindikunamizani kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo. Mwakhala Madamu, Amama, Amayi ndi azakhali kwa zaka zambiri, mayina onse a ntchito ndi udindo, ndipo munthu amene anali ndi dzina lakelake ana asanabadwe wakhala ndi njala osadziwa. A Ndikubwera sanabweretse njalayo. Angoiulula.

Kafukufuku wanu wa pakhonde uja ndamukana. Munawadzidzimutsa bambo a kunyumba ali ndi bulashi m'manja, n'kuwalamula kuti atchule. Mawu olamulidwa amatuluka ngati a pa chiphaso, kwa mwamuna aliyense. Munayerekeza munthu amene akupepesa mkazi wake atakangana ndi munthu amene akuopa kuti waiwala tsiku lanu lobadwa. Inu wa mu labu mukudziwa kuti kuyesa kotero sikuwerengedwa. Ndipo ndikufunseni: inuyo munawatchula liti dzina lawo? Pakhonde paja munayamba ndi "Bambo". N'kutheka kuti m'nyumba mwanu anjala ndi awiri.

Zochita ndi izi. Lolemba pitani kwa mkulu wa labu, mumuuze theka la nkhaniyi, theka la ntchito. Nenani kuti akazi a mnzanuyo ndi adzina anu, dzinalo likamveka pafupi ndi tebulo mawerengero amasokonekera, ndipo mukupempha kuti aliyense aziyankhira foni kukhonde. Zimenezi n'zoona, n'zokwanira, ndipo palibe chochititsa manyazi. Mayi amene anakuganizirani za maso adzapuma bwino akamva kuti vuto ndi la mapazi anayi. Ngati mukufuna kuyamba ndi a Ndikubwera eni ake, auzeni mwanthabwala anzanu ali pomwepo: "Mukamakalipira adzina, wonjenjemera ndi ine, kakalipireni panja." Adzaseka, ndipo adzatuluka, chifukwa nawonso sangakonde kudziwa kuti labu yonse ikudziwa za makiyi a kunyumba kwawo.

Kuwerenga katatu kulekeni. Kukuchedwetsa odwala ndipo kukudyetsa mantha anu. Mukasokonezedwa, fufutani makauntala, yambiraninso kamodzi, basi. M'malo mwake pemphani mkulu wanuyo kuti kwa mwezi umodzi mnzanu wina aziwerenganso magalasi anu angapo sabata iliyonse osaona nambala yanu. Inu mumakhulupirira manambala, ndiye manambala akuuzeni ngati dzanja lanu lidakali bwino.

Masamba a kumapeto kwa kope aja ang'ambeni. Munthu amene akulemba maulendo a dzina ndiye kuti akulidikira, ndipo khutu lodikira limamva kwambiri. Komanso mwaika banja la eni m'kope lanu. Wina atalitola mungavutike kufotokoza.

Kunyumba musayesenso munthu. Auzeni bambo a kunyumba zoona, mwachidule, muli awiri: kuti mwazindikira kuti palibe amene amakutchulani dzina, ndipo mwalisowa. Yambani ndinu kuwatchula lawo, pa zinthu zazing'ono, powapatsa tiyi, powafunsa kumene aika chingwe cha foni. Masiku oyamba zidzamveka ngati mwavala nsapato za munthu wina, ndipo adzachita nthabwala, chifukwa zikuoneka kuti ndimo amabisira manyazi awo. Musakhumudwe, musalembe m'kope. Chizolowezi cha zaka zambiri sichisintha Loweruka limodzi.

Mwezi ukatha foni ili kukhonde, mnzanu n'kupeza kuti manambala anu akusiyanabe ndi ake, pamenepo kambiranani ndi mkulu wanu za kusintha ntchito, ndipo mukaonane ndi dokotala. Mukaonanenso naye msanga ngati mutayamba kumva dzina lanu pamene palibe aliyense akulankhula, kapena mantha akayamba kukulandani tulo ndi chilakolako cha chakudya. Zimenezo ndi nkhani ina, yosiyana ndi imene mwandilembera.

Chenjezo langa ndi ili. Theka lina lija, la maulendo 14, a Ndikubwera asadzalimve, ngakhale mwanthabwala, ngakhale kudzera kwa mnzanu wapamtima wa pantchito. Mwamuna akadziwa kuti mawu ake amaimitsa chala cha mkazi wina, ena amafuna kuyesa, ndipo pamenepo chimene lero chili nkhani ya makutu chikhoza kusanduka nkhani ya mabanja awiri. Dziwaninso kuti tsiku limene foniyo idzatulukire kukhonde, kuseri kwa firiji kudzakhala zii, ndipo masana ena mudzamva kachisoni. Musadabwe nako, ndipo musapeze chifukwa chodutsira kukhondeko. Malizani galasi lanu, vulani gawuni, kachisoniko mupite nako kunyumba, kwa bambo amene anakufunsirani ndi dzina lomwelo.

Aphungu